Magazini ya chitetezo cha ndege itasamukira pa intaneti, ndani anatsala m'mbuyo?

M'chaka cha 2012 bungwe la boma loona za chitetezo cha ndege ku Australia, Civil Aviation Safety Authority, lomwe mwachidule amati CASA, linasiya kusindikiza papepala magazini yake yotchedwa Flight Safety Australia. Kufikira nthawi imeneyo magaziniyi inkatuluka miyezi iwiri iliyonse, ndipo inkapita pa positi kwa oyendetsa ndege, amakaniko a ndege ndi ena okhala ndi ziphaso za ntchitoyi, popanda kulipira. Kuyambira m'chakacho, wofuna kuiwerenga ankayenera kuifunafuna pa intaneti kapena pa tabuleti. Patapita zaka 7, mu 2019, bungwe lomwelo linabwezeretsa magazini ya papepala, koma tsopano yotuluka kanayi pachaka ndiponso yogula.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya ndege za ku Australia yalowa bwanji m'kalata ya aphunzitsi a ku Majaua, kumene ndege timangoimvera m'mitambo. Yalowa chifukwa funso limene anthu a ku Australia anakumana nalo lafika kale pakhomo pathu. Zikalata za ku ofesi, ndandanda za mayeso, machenjezo a namondwe ndi a kolera, zambiri mwa izi masiku ano zikubwera pa WhatsApp, ndipo kawirikawiri tikumva kuti pepala latha ntchito. Anthu a ndege anayesa ganizo limeneli pa ntchito imene munthu akalakwitsa pamafa anthu, choncho ndi bwino tione zimene zinawachitikira. Ine ndikuona kuti CASA inalakwitsa mu 2012, ndipo mu 2019 inangokonza theka la cholakwacho.

Chifukwa chake magazini zotere zilipo

Pa 1 Disembala 1974 ndege ya kampani ya TWA, ya mtundu wa Boeing 727, inali kupita ku Washington ku America. Kunali mphepo yamphamvu, ndiye anaiuza kuti ikatere pa bwalo lina la mzindawo, la Dulles. Woongolera ndege ali pansi anauza oyendetsa kuti aloledwa kuyamba kuyandikira bwalo. Iwo anamva kuti ndiye kuti angathe kutsikiratu mpaka mamita pafupifupi 550, pamene woongolerayo ankayembekezera kuti atsatabe mapu awo ndi kukhala pamwamba mpaka atadutsa mapiri. Ndegeyo inawomba phiri la Mount Weather muli mitambo, ndipo anthu onse 92 anafera pomwepo.

Pofufuza ngoziyi panatulukira chinthu chowawa. Masabata 6 m'mbuyomo, oyendetsa ndege a kampani ina, United Airlines, anamva molakwika mawu omwewo pamalo omwewo, ndipo anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Iwo anakanena ku kampani yawo, kampaniyo inachenjeza oyendetsa ake, koma chenjezolo silinafike kwa a TWA. Nzeru yopulumutsa anthu 92 inalipo, yolembedwa kale, koma sinafike m'manja mwa amene ankaifuna. Zimenezi zinathandiza kuti mu 1976 akhazikitse dongosolo la Aviation Safety Reporting System, loyendetsedwa ndi NASA, limene munthu wa ntchito ya ndege amatumizako lipoti la cholakwa chake dzina lake n'kubisidwa. Kuyambira mu 1979 dongosololi limatulutsa kakalata ka mwezi ndi mwezi kotchedwa Callback, kamene kamasankha nkhani zina mwa malipotiwo kuti onse aphunzirepo.

Akuluakulu athu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Magazini ya chitetezo cha ndege ndi mwambi umenewu utasanduka ntchito ya boma. Ku Australia ntchitoyi ndi yakale. Kuyambira mu 1953 mpaka mu 1991 kunali magazini ya Aviation Safety Digest, imene Macarthur Job, yemwe naye anali woyendetsa ndege, anakhala mkonzi wake kwa zaka 14. Luso lake linali kutenga lipoti louma la ofufuza ngozi n'kulisandutsa nkhani imene munthu akaiyamba safuna kuisiya: nyengo inali yotani, woyendetsa ankaganiza chiyani, ndi pati pamene akanabwerera koma sanabwerere. Flight Safety Australia inatenga mwambo umenewu pakati pa zaka za m'ma 1990. Muli nkhani za ngozi, mafunso odziyesa nawo, malipoti a zida zimene zapezeka ndi vuto, ndiponso gawo lotchedwa Close calls, m'mene owerenga eni ake amasimba za tsiku limene anatsala pang'ono kufa.

Choncho muyeso woweruzira magazini yotere ndi umodzi: kodi chenjezo lafika kwa munthu amene mawa lake adzakumana ndi vuto lomwelo? Kukongola kwa zithunzi ndi kuchepa kwa ndalama zosindikizira zimabwera pambuyo.

Zimene intaneti inabweretsa

Tisanadzudzule, tivomereze zabwino, chifukwa zilipo ndipo n'zazikulu. Australia ndi dziko lalikulu kwambiri, ndipo kusindikiza ndi kutumiza magazini pa positi kwa anthu masauzande ambiri kasanu ndi kamodzi pachaka kumadya ndalama zochuluka. Ndalama zimenezo zikhoza kulipira alembi ena, kapena maphunziro a oyendetsa ndege. Aliyense amene anayendetsapo pulojekiti akudziwa kuti wopereka ndalama akati chepetsani, choyamba kudulidwa chimakhala pepala.

Chachiwiri ndi liwiro. Ngati chida china cha injini chapezeka kuti chikuthyoka, kudikira miyezi iwiri kuti magazini ituluke n'kuchedwa. Pa intaneti nkhani imatuluka tsiku lomwelo, ndipo ikalakwika imakonzedwa. Chachitatu ndi kanema ndi mawu. Mmene nkhungu imatsekera chigwa m'mphindi zochepa ndi chinthu chimene kanema amaonetsa bwino kuposa chithunzi chapapepala. Chachinayi ndi kusunga ndi kufufuza. Magazini akale a Aviation Safety Digest anawajambula n'kuwaika pa intaneti, ndipo lero ine ndili ku Zambezia ndikhoza kuwerenga zimene zinalembedwa ku Australia ndisanabadwe. Pa positi sizikanandipeza mpaka kalekale.

Zonsezi n'zoona, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti magaziniyi isakhale pa intaneti. Cholakwa cha 2012 chinali kuchotsa pepala, n'kuganiza kuti intaneti igwira ntchito zonse zimene pepalalo linkagwira.

Wowerenga amene sakufunafuna

Magazini ya pa positi imam'peza munthu. Imafika pakhomo iye asanaipemphe, imakhala patebulo, mkazi kapena mwamuna wake amaiona, ndipo tsiku lina mvula ikugwa amaitsegula chifukwa chosowa chochita. Magazini ya pa intaneti imadikira kuti munthu aifune. Kusiyana kumeneku kukanakhala kochepa ikanakhala magazini ya mpira, chifukwa wokonda mpira amazifuna yekha nkhani za timu yake. Koma nkhani za chitetezo n'zosiyana. Amene amazifunafuna ndi anthu osamala kale. Amene akuzisowa kwambiri ndi uja wodzikhulupirira, amene wauluka zaka 20 osachita ngozi ndipo akuti palibe chimene angam'phunzitse. Ameneyo sadzalemba dzina la magaziniyo pa foni yake. Pepala lokha ndi limene linali ndi mwayi womulowerera m'nyumba.

Palinso nkhani ya zimene munthu amawerenga akatsegula. Pa intaneti timasankha mutu umene watikopa, n'kutuluka. M'magazini ya papepala, pofuna tsamba la mafunso umadutsa pa nkhani ya mafuta osakanikirana ndi madzi, maso n'kugwerapo. Woyendetsa ndege amawerenga za amakaniko, makaniko amawerenga za oongolera ndege, ndipo aliyense amayamba kumvetsa mavuto a mnzake. Kumbukirani kuti ngozi ya ku Mount Weather inachokera pa kusamvana pakati pa magulu awiri a antchito pa tanthauzo la mawu. Mkonzi akamasanja magazini amasankha dala kuti nkhani iyi igundane ndi iyo. Foni imamasula mtolo umenewo, wowerenga n'kutola nkhuni imodzi yokha.

Chachitatu, pepala limawerengedwa ndi anthu ambiri. Kope limodzi losiyidwa m'chipinda chodikirira pa bwalo laling'ono la ndege limadutsa m'manja mwa wophunzira, mwa mphunzitsi wake, mwa wothira mafuta, ndipo limayambitsa macheza: kodi mwaiona nkhani ya uja anatera usiku wopanda magetsi? Macheza oterewa ndi amene amasintha khalidwe la anthu pa ntchito. Foni ndi ya munthu mmodzi, ndipo zimene wawerenga zimathera m'thumba mwake.

Ine ndinaziona izi ndi maso pa sukulu ina ya m'dera lathu lino. Ndinali nditatumiziratu pa foni chikalata choti tidzakambirane pa msonkhano wa ZIP. Nditafika ndinapeza kuti ambiri sanachitsegule. Wina anati mamega anatha, wina anati foni inadzaza ndiye anafufuta zonse za m'gulu, wina anati anachiona koma zilembo zinali zing'onozing'ono. Patebulo la aphunzitsi panali kabuku kakale ka malangizo a ukhondo, kong'ambika chikuto, kakuda ndi zala. Nditafunsa za m'kabukuko, pafupifupi aliyense anayankha. Palibe amene anawalamula kuti akawerenge. Kanangokhala pamenepo nthawi yopuma kwa zaka zambiri.

Zimene kafukufuku wa kuwerenga akunena

Funso lina ndi lakuti, munthu akatsegula ndithu nkhaniyo pa foni, kodi amaimvetsa chimodzimodzi? Mu 2018 Pablo Delgado ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Educational Research Review zotsatira za ntchito yophatikiza kafukufuku 54 wa anthu oposa 170,000, woyerekeza kuwerenga papepala ndi pa sikirini. Anapeza kuti owerenga papepala amamvetsa bwino kuposa anzawo. Kusiyanako sikwakukulu, koma kumaoneka mobwerezabwereza, ndipo kumakula munthu akamawerenga ndi nthawi yochepa. Anapezanso kuti kusiyanaku kumaoneka pa zolemba zofotokoza zinthu, pamene pa zolemba zosimba nkhani sikuoneka.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika poweruza nkhani ya CASA mwachilungamo. Gawo la Close calls ndi nkhani zosimba, ndiye tikhoza kuyembekezera kuti silinataye zambiri posamukira pa sikirini. Koma zolemba zofotokoza malamulo atsopano, kawerengedwe ka mafuta, kapena mmene madzi oundana amagwirira mapiko, ndi za mtundu uja umene pepala limapambana. Izi ndi zolemba zofuna kubwerera m'mbuyo, kuyerekeza tebulo ndi chithunzi, kulemba mzere pansi pa nambala. Mkonzi wosamala akanagawa ntchito motere: zachangu, zamakanema ndi zosimba zipite pa intaneti, zofuna kukhalira pansi zitsale papepala. Mu 2012 zonse anazithira m'dengu limodzi.

Pali msampha winanso, wa manambala. Intaneti imawerengera anthu amene atsegula tsamba, ndipo nambala imeneyo imakoma mu lipoti la kumapeto kwa chaka. Koma kutsegula si kuwerenga, ndipo mwa otsegulawo muli anthu a m'mayiko ena, ngati ine, amene sadzayendetsa ndege ku Australia. Pepala silipereka nambala yotere, ndiye pa msonkhano wa bajeti limaoneka ngati lopanda umboni. Nambala imene ikanayenera kufunsidwa ndi ya anthu amene ankalandira magazini kunyumba ndipo kuchokera mu 2012 sanaitsegulenso. Anthu amenewo sadandaula, salemba kalata, amangosowa. Sindikunena kuti ngozi zinachuluka chifukwa cha kusinthaku, pakuti ngozi imakhala ndi zifukwa zambiri zolukanalukana. Ndikunena kuti bungwe limene ntchito yake ndi kuchepetsa mwayi wa ngozi linadula njira imodzi yofikira anthu, pamene linali lisanatsimikize kuti njira yatsopanoyo ikufikira anthu omwewo.

Kubwerera kwa 2019

CASA iyenera kuyamikiridwa kuti inamvera owerenga n'kubweza pepala. Mabungwe ambiri akadula chinthu sabwerera, chifukwa kubwerera kuli ngati kuvomera kulakwa. Magazini ya pa intaneti inatsalabe yaulere, ndipo ya papepala inabwera pambali pake, zomwe zikusonyeza kuti ziwirizi zikhoza kukhalira limodzi.

Koma taonani amene pepala latsopanoli likumufikira. Kuti ulilandire uyenera kulembetsa ndi kulipira. Wolipira ndi uja amene amaikonda kale magaziniyi, wosamala uja amene akanaiwerenga ngakhale pa foni. Wodzikhulupirira uja, amene kale magazini inkamulowerera m'nyumba iye asakufuna, sadzatulutsa ndalama yake. Choncho chimene chinabwerera ndi pepala, koma chimene chinkapangitsa pepalalo kukhala lamphamvu, kufika kwa aliyense wokhala ndi chiphaso popanda kupempha, sichinabwerere. N'chifukwa chake ndikuti anakonza theka.

Lipoti la ku Chikangawa

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ina imene ife a m'malire muno tinaiona pafupi. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali a Malawi, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira. Anthu onse 9 anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, a Saulos Chilima, ndi mayi Patricia Shanil Dzimbiri. Ambiri a ife tinamva uthengawu pa mawailesi a ku Malawi, amene amamveka bwino kuno.

Popeza ndegeyo inapangidwa ku Germany, bungwe la kumeneko lofufuza ngozi za ndege, BFU, linathandiza kufufuza. Linatulutsa lipoti loyamba kumapeto kwa Ogasiti 2024 ndi lomaliza mu Juni 2025, onse pa intaneti, m'Chingerezi. Malipotiwa ananena zinthu zomveka. Ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ngakhale ojambula kayendedwe kake, moti njira imene inadutsa anaipeza kuchokera m'kachipangizo ka GPS. Kachipangizo kamene kamayenera kulira pa wailesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna aipeze msanga, kanali ndi batire limene nthawi yake inatha mu 2004. Ndipo oyendetsa anapitiriza ulendo akuuluka m'munsi nyengo ili yoipa, mpaka anawomba mtunda wokwera. Wowerenga za Mount Weather aona kufanana kwake: mitambo, phiri, ndi ndege imene ili m'munsi kuposa mmene iyenera kukhalira, zaka 50 zitadutsa.

Apa intaneti inachita chinthu chimene pepala silikanatha. Pamene ndege ya Pulezidenti Samora Machel inagwa ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, lipoti la komiti ya Cecil Margo linatuluka mu 1987 ngati buku, ndipo mphunzitsi wa ku Majaua analibe njira yoligwirira kuti adziwerengere yekha n'kuona ngati akugwirizana nalo. Lipoti la ku Chikangawa aliyense wokhala ndi foni ndi mamega akanatha kulitsitsa tsiku lomwe linatuluka. Malamulo a bungwe la ndege la dziko lonse, ICAO, amafuna kuti lipoti lomaliza la ngozi liperekedwe poyera, ndipo amanena kuti cholinga cha kufufuza ndi kupewa ngozi ina, osati kupeza womuimba mlandu. Kuika lipoti pa intaneti kumakwaniritsa lamulo la kuika poyera.

Koma dzifunseni nokha, aphunzitsi: mwa zonse zimene zinafika pa foni yanu zokhudza ngoziyi, ndi zingati zinali lipotilo? Zimene zinkayenda m'magulu athu zinali mauthenga a mawu, zithunzi za tsamba limodzi lodulidwa pakati, ndi nkhani za wakuti wamva kwa wakuti. Lipoti lenileni linali m'chilankhulo chimene ambiri kuno sitinachiphunzire, ife a Chipwitikizi ndi Chichewa, ndipo ngakhale wodziwa Chingerezi ankakumana ndi mawu a akatswiri pa mzere uliwonse. Munthu ali ndi ufulu wokayikira lipoti, koma ayambe walimva. Mu Disembala 2024 komiti imene boma la Malawi linakhazikitsa, yotsogozedwa ndi woweruza milandu Jabbar Alide, inawerenga zotsatira zake poyera, ndipo zimenezo zinafika m'makutu mwa anthu ambiri chifukwa mawu owerengedwa mokweza safuna mamega kwa amene ali ndi wailesi.

Pamenepa m'pamene ntchito ya Macarthur Job imaonekera. Lipoti ndi la akatswiri. Magazini imaima pakati pa lipoti ndi munthu wamba wa ntchitoyo, kumasulira, kusankha chofunika, ndi kunena kuti phunziro lake ndi ili. Bungwe likaika chikalata pa intaneti limati lafalitsa, ndipo mwa lamulo lafalitsadi. Koma pakati pa kufalitsa ndi kufika pali ulendo, ndipo wina ayenera kuuyenda. Magazini yosindikizidwa inkakakamiza bungwe kulemba ntchito munthu woyenda ulendowo, chifukwa masamba opanda kanthu sungawatumize pa positi. Pa intaneti n'kosavuta kungoponya chikalata chonse n'kusamba m'manja.

Kuno kwathu

Ngati zimenezi zinavuta ku Australia, kumene magetsi ndi intaneti zili pafupifupi m'nyumba iliyonse, kuli bwanji kuno? Magetsi athu ochokera pa mtsinje wa Ruo safika pa sukulu iliyonse. Netiweki ya Movitel kapena Vodacom imagwira pachulu ichi n'kukana kuseri kwa phiri, ndipo ena timadalira ya ku Malawi ikadumpha malire. Mamega amagulidwa ndi ndalama ya m'thumba la mphunzitsi. Bungwe likasiya kusindikiza limati lapulumutsa ndalama, koma mtengowo sunathe, wangosamukira kwa wowerenga, amene tsopano akulipira foni, kutchaja ndi mamega, ndipo nthawi zina akukalipiranso fotokope ku Milange kuti chikalatacho chibwerere papepala pomwe chinachoka.

Nthawi imene chenjezo likufunika kwambiri ndi imenenso intaneti imasowa. Namondwe Freddy atalowera ku Quelimane pa 11 Malichi 2023 n'kukwera kuno mpaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, mapolo a magetsi anagwa, mafoni anazima, misewu inaduka. Chimene chinatsala ndi wailesi ya mabatire, ndi zimene munthu anali atawerenga kale n'kuzisunga m'mutu kapena pakhoma. Chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, chisankho chitatha, intaneti ya pa foni inkadulidwa m'dziko lathu lino ndipo WhatsApp ndi Facebook zinkavuta kutsegula. Chikalata chimene chili pa intaneti pokha chili m'manja mwa amene wagwira switchi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Njira zofikira munthu amene sakufunafuna tili nazo. Wailesi ya Thumbine ku Milange imalankhula m'zilankhulo za anthu a kuno. Kutsidya kwa malire, nyuzipepala ya Fuko, ya m'Chichewa ndi Chitumbuka, anaikonza kuti izigawidwa kwaulere kumidzi, ndipo kope limodzi limayenda khomo ndi khomo. Khoma la ofesi ya sukulu, tebulo la aphunzitsi, ndi mphunzitsi amene amawerengera makolo chikalata pa msonkhano n'kuchimasulira, zonsezi zimagwira ntchito imene positi inkagwira ku Australia.

Chigamulo changa pa nkhani ya Flight Safety Australia ndi ichi. Kuika magaziniyi pa intaneti kunali koyenera, ndipo kunatsegulira khomo owerenga a kutali. Kuleka kuitumiza kwaulere kwa aliyense wokhala ndi chiphaso kunali kulakwitsa, chifukwa kunasiya uthenga wa chitetezo m'manja mwa okhawo oufuna. Kuibweza ngati yogula kunasangalatsa okonda pepala, koma sikunabweze owerenga amene anatayika.

Tsiku lina mudzauzidwa pa msonkhano kuti chikalata chakuti, mwina ngakhale kalata ino, chizibwera pa foni pokha. Musakane intaneti, pakuti ifenso tikupindula nayo. Koma funsani mafunso atatu amene a CASA akanayenera kudzifunsa mu 2012. Ndani amene akulandira pepalali lero koma sadzalitsegula pa foni, ndipo tidzadziwa bwanji kuti wasowa? Ndi zolemba ziti mwa izi zofuna kukhalira pansi ndi pensulo? Nanga tsiku limene magetsi ndi netiweki zidzazime, uthengawu udzakhala uli pati? Ngati ndalama zili zochepa, pemphani kuti kope limodzi lokha lizifika pa sukulu iliyonse, m'chilankhulo chimene anthu ake amalankhula, ndipo liziikidwa patebulo la aphunzitsi, osati m'kabati ya akulu a sukulu.